Nthiti ya Mayi Kolala

Mumsewu wonse uja panalibe yemwe sankawadziwa Mayi Kolala. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. Zaka makumi atatu anakhala akusita zovala za anthu m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya telala, ndipo kolala yodutsa pansi pa simbi yawo inkaima njo tsiku lonse. Anali mayi wamfupi, wa manja olimba, wosabisa mawu. Ukawabweretsera malaya a thukuta ankakubwezera pomwepo: "Ine ndimasita, sindikazinga fungo. Kachapeni kaye."

Amuna awo anali onyamula katundu pa siteshoni ya sitima. Chimunthu chachitali, chanthabwala, choti chikasenza matumba awiri chinkaimbanso mluzu. Koma dziko ili, abale! Munthu yemwe anasenza katundu wa tauni yonse, tsiku lina anangogwa akumanga zingwe za nsapato. Pochoka kuchipatala mbali ya kumanja inali itafa, mawu nawo atapita osatsazika.

Kuyambira pamenepo Mayi Kolala anasiya shopu nayamba kunyamula amuna awo. M'mawa uliwonse kuwachotsa pabedi kuwaika pampando wa pawindo, madzulo kuwabwezera. Kanyamulidwe kake anawaphunzitsa ndi bambowo kalekale akadali bwino: "Katundu sanyamula ndi msana, mayi. Pindani mawondo, mumukumbatire ngati m'bale wanu." Ndiye mayiwo ankapinda mawondo, bambo n'kuwakulunga ndi mkono wamoyo uja cha m'nthiti, kenako mayi amvekere, "Tiyeni, bwana katundu!" Akafika pampando bambowo ankatembenuza diso ndi kulendeweretsa lilime ngati thumba lotopa, ndipo mayi ankafa nazo nseko. Zaka zinayi nthabwala yake imodzimodziyo, koma sinasukuluke.

Ana awo awiri anali atakambirana kale zochita. Wamkazi, mphunzitsi, ankabwera Loweruka lomaliza la mwezi ndi nyimbo yake yomweyo: "Amayi, mwakula. Ababa tiwatenge kwathu, kuli mtsikana wantchito ndiponso chipatala chili pafupi. Inu mukakhale kwa achimwene." Sikuti anali ana oipa ayi. Nyumba zawo zinali zazing'ono, aliyense malo a munthu mmodzi basi, matauni akenso otalikirana ulendo wa tsiku lathunthu.

"Mutigawane ngati mipando?" ankatero Mayi Kolala. "Tsiku lomwe ndidzalephere kuwanyamula, mudzawatenge. Lisanafike tsikulo, musandisokose."

Pakamwa, pakamwa! Mawu amenewo ndi omwe anadzawatsekera njira.

Linali Lachiwiri m'mawa. Atatha kuwasambitsa bambo, anaponda pomwe panadonthera sopo, n'kugwera chammbali pamlomo pa ndowa yachitsulo. Anamva kuti thyo m'kati. Anakhala pansi pomwepo kukamwa kuli yasa, mpweya ukukana kulowa, bambo ali pabedi maso ali tong'o, osatha ngakhale kuitana munthu.

Kuchipatala namwino anawauza mosazungulira. "Nthiti imodzi yathyoka, mayi. Imeneyi sitiika pulasitala, imalumikizana yokha pa masabata asanu ndi limodzi. Musamange pachifuwa, mwamva? Muzikoka mpweya wambiri ngakhale kukupweteka, apo ayi chifuwa chidzaza. Pokhosomola muzikumbatira pilo. Ndipo osanyamula cholemera."

"Cholemera bwanji?"

"Choposa ketulo."

Mayi Kolala anafuna kuseka, ululu n'kuwadula pakati. "Ketulo wanga ngwamkulupo pang'ono," anatero. Namwino sanamve, anali akuitana wotsatira.

Atafika kunyumba anang'amba nsalu yakale yoyala pabedi. Anaisita kaye, poti munthu sasiya khalidwe lake, kenako anadzikulunga nayo pachifuwa ndi kumanga kuti ndi, mpaka ululu unachita ngati wagona. Atatero anapinda mawondo monga mwa masiku onse kuti awachotse bambo pabedi. Mkono wa bambo utafika m'nthiti unakumana ndi mfundo ya nsalu, ndipo unaima.

"Gwirani, inu! Mukufuna tigwe tonse?"

Anagwira, koma mofewa, ngati munthu wogwira dzira. Atafika pampando sanatembenuze diso, sanatulutse lilime. Mawa lake chimodzimodzi. Anali ataona kuti kuseka kukuwapweteka akazi awo, ndiye nthabwala ija anaisiya. Zimenezi zinawawawa Mayi Kolala kuposa nthiti. M'nyumba munangoti zii, kumangomveka kupuma kwawo kwapamwambamwamba.

Sabata yachiwiri chifuwa chinayamba. Ankachimeza, chifukwa kukhosomola kunali ngati kubayidwa ndi mpeni. Thupi linatentha, chakudya chinakana. Mantha anali nawo, tisaname, koma mantha aakulu anali a Loweruka lomwe linkabwera.

Mwana wawo atafika anapeza m'nyumba mokolopa, amayi ake atavala bulauzi yosita bwino, milomo atapaka mafuta kuti isaoneke kuuma.

"Mwaonda, amayi."

"Ndi maso akowo. Khala pansi, ndiwadzutse abambo ako."

Anapinda mawondo, thukuta lili kamukamu pamphumi. "Tiyeni, bwana katundu."

Bambo sanakweze mkono.

"Tiyeni, ndati."

Mkono unakwera, koma sunawakulunge. Zala zija, zomwe zinazolowera kukoka zingwe za matumba, zinagwira m'mphepete mwa bulauzi n'kuikweza pang'ono, nsalu yomanga ija n'kuonekera. Bambo sanayang'ane akazi awo. Anayang'ana mwana wawo, misozi ikutsika mbali yamoyo ndi yakufa yomwe.

Mayi Kolala anamenya dzanjalo. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanachitepo zimenezo. "Mwandipereka," anatero. "Mukudziwa chomwe mwachita? Akutengani!" Pamenepo chifuwa chomwe anachimeza masiku onse aja chinaphulika, ndipo anagwada pansi atagwira m'mphepete mwa bedi.

Chinali chibayo. Adokotala anadula nsalu ija ndi sizasi akupukusa mutu, nati akanachedwa masiku awiri nkhani ikanakhala ina. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, akuphunzira kupuma ngati khanda, pilo ali pachifuwa. Nthawi yonseyo ankawakwiyira amuna awo, kwinaku akudandaula kuti kaya akuwatembenuza ndani, kaya akudziwa kuti phewa la kumanja silikokedwa.

Anatuluka tsiku lomwe galimoto linabwera kudzatenga bambo. Zikwama zinali ziwiri pakhomo, china cha kwa mwana wamkazi, china cha kwa mwana wamwamuna. Anyamata awiri a pafupi anabwera kudzathandiza, n'kuwerama ndi misana kuti awazule pampando.

"Ndi mawondo, inu!" anakuwa Mayi Kolala, ululu n'kuwabaya. "Pindani mawondo! Ameneyo si thumba la simenti, mukumbatireni!"

Anyamata anamvera. Anawakhazika kumpando wakumbuyo n'kutseka chitseko. Mayi anayandikira pawindo atakumbatira pilo wawo, ali ndi mawu ambiri omwe anawakonza ali m'chipatala, ena okalipa, ena opepesa kuti anamenya dzanja lija.

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuza diso, n'kulendeweretsa lilime ngati thumba lotopa.

Mayi Kolala anaseka. Nthiti inawabaya mpaka maso anachita mdima, koma anapitiriza kuseka, pilo atamufinya pachifuwa, misozi ili chuchuchu, galimoto likukhota pakona ya shopu ya telala.

Nthitiyo inapola pa masabata asanu ndi limodzi, monga ananenera namwino. Tsopano akhoza kunyamula chilichonse. Kwa mwana wawoko amadzukabe m'mamawa, n'kuima pakati pa chipinda manja ali lende, kenako amapita kukatereka ketulo.