Mchombo Sunagwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa maliro. Ndinkathandiza kukhoma bokosi ku Likoswe, ndiye a Matemba, eni mdadada wa zipinda za lendi pafupi ndi msewu wa ku Limbe, anaona mmene ndinkagwirira pulena. "Bonongwe, mawa ubwere ndi hamala yako," anatero. Zinali zaka za m'ma 80, ine nsapato ndilibe. Ndikanakana bwanji?

Poyamba zinali bwino: kupala matabwa, kusema malo a mahinjesi ndi tchizulo, kumanga masikuluu. Ntchito inayo ndinaidziwira m'kati. Munthu akalephera lendi, a Matemba sankakangana naye. Ankangondituma kukamasula chitseko, mphepo ndi manyazi zimutulutse zokha.

Chaka chimene anakweza lendi, pamdadada panali phokoso. "Chimanga boma limaika mtengo, nanga nyumba bwanji?" ankatero alendi. A Matemba nawo: "Boma likaika mtengo, libwerenso lidzagule simenti ndi malata. Ine ndisiya kumanga, mukagone pa siteji." Ndinkatopa nazo. Onse ankanena zoona, koma sikuludilaiva inali m'manja mwanga.

M'chipinda chakumapeto munkakhala a Nachisale. Amuna awo anali atachotsedwa ntchito ku Limbe n'kupita kukasaka ina ku minda ya tiyi. A Matemba atandituma kumeneko, ndinapeza amayi awo a Nachisale atakhala pakhomo.

"Mwananga, muno muli chikuta. Mwana wabadwa dzana. Mwamuna salowa mpaka mchombo ugwe. Ukufuna umudwalitse?"

Tsono chitsekocho chinkatsegukira m'kati, ndipo masikuluu ake sungawafike usanalowe. Ndinabwerera. A Matemba anang'ung'udza, koma nawonso anali munthu wakumudzi, mlandu wa khanda ankauopa. "Ukagwa undiuze," anatero.

M'mawa uliwonse ndinkapita ndi sikuludilaiva. "Odi! Wagwa?" "Sunagwe, mwananga." Sabata inatha, ina n'kutha. Abale inu, mchombo umenewo unalimba kuposa chingwe cha ng'ombe! Mdadada wonse unkadziwa, ine ndinkadziwa, ndipo aliyense ankangoyang'ana pansi. Tonse tinkadikira bambo wa mwanayo.

Sanabwere. Tsiku lina kukuwomba chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja, a Matemba anabwera ndi akazi awo. Mayiwo analowa, n'kutuluka osayang'ana munthu. "Unagwa kale," anatero motsitsa mawu.

"Masula," anatero a Matemba.

Ndinalowa. A Nachisale anafungatira mwana n'kutembenukira kukhoma. Masikuluu aja ndinali nditawamanga ndekha, nditawapaka ndi sopo kuti alowe bwino, ndiye anatuluka mosavuta, mpaka ndinadana nawo. Amayi awo a Nachisale aja anapachika chiguduli pakhomo, mphepo n'kumachikankha. Sanandinyoze. Anangoti, "Wagwira ntchito yako, mwananga." Bola akanandimenya. M'mawa mwake ananyamula katundu pamutu kupita kwawo ku Nchema, mwana akutsokomola kumsana. Sindinamvenso za iwo.

Za mtengo wa lendi anthu akukanganabe, ndipo ine mutu wanga ndi wochepa. Chimene ndinatengapo ndi ichi: chitseko cha nyumba ya lendi sindimanganso ndi masikuluu. Ndimakhoma misomali yaitali, n'kuipinda kuseri kwa felemu. Eni nyumba amati Bonongwe wakalamba, ntchito yake ndi yauve. Anene. Wofuna kuchichotsa, athyole kaye felemu yake.