Ndinasinthanitsa Kalenzi Kanga Kuti Ndigwetse Chiukepo

Ndinasankha lenzi ya kamera mtima uli wodzaza ndi mkwiyo, ndipo chisankho chimenecho chinandichititsa kunamiza amayi anga kutatsala masiku anayi kuti amwalire. Inu owerenga, mwina mukuseka kuti kagalasi ka kamera kangamufikitse bwanji munthu pamenepo. Sekani ndithu, koma mumve kaye mpaka kumapeto, makamaka inu amene mumadyera kamera ngati ine.

Ndine wojambula zithunzi pa Boma la Mzimba. Kwathu ndi kummwera kwa Embangweni, kufupi ndi malire a Kasungu. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi bambo wina dzina lake Chiukepo, yemwe anali ndi kasitudiyo pafupi ndi msika komanso anali mkulu wa mpingo wathu. Tinkadyera m'mbale imodzi mpaka tsiku limene ndinamuuza kuti ndikufuna kuima pandekha. Kuyambira pamenepo moni wake unayamba kuzizira.

Achimwene anga aakulu, omwe amagwira ntchito ku Joni, ndi amene ananditumizira kamera. Inali yaing'ono, yolowa m'thumba la jekete, koma ya mtundu uja woti lenzi umatha kuchotsa n'kuikapo ina. Inabwera ndi kalenzi kake kakafupi, kamene ojambulafe timati kiti. Kalenzi kameneka kanali kodzichepetsa koma kogwira ntchito ya anthu atatu. Ukakapotoza uku, kwaya yonse imalowa pamodzi ndi abusa ndi khomo la tchalitchi. Ukakapotoza uko, nkhope ya mkwatibwi imadzaza chithunzi. Ndinkakwera nako kabaza kupita ku Manyamula popanda chikwama cholemera kumsana, ndipo chaka chathunthu kanandidyetsa ine ndi banja langa osadandaula.

Zinaipa pa ukwati wina pa Boma pomwepo. Akuchimuna anaitana Chiukepo, akuchikazi anaitana ine. Anthu atatuluka m'tchalitchi n'kuima pamakwerero, Chiukepo anabwera ndi chikamera chake chachikulu chili pakhosi, n'kunyamula yanga ndi zala ziwiri ngati watola mbewa yakufa.

"Ndapota, kachidole aka n'ka mwana wa ndani?" anafunsa mokweza. "Mwiniwake akulira chomene kunyumba uko, mbwenu tikabweze."

Anthu anafa nacho chiseko, mkwatibwi yemwe. Ankhoswe anandipempha mwaulemu kuti ndiime kaye pambali, ajambule odziwa ntchito. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango nditagwetsa nkhope, makutu akutentha. Pasanathe sabata, anyamata a kabaza anali akundiitana kuti a Kachidole, ndipo makasitomala ena anayamba kufunsa kuti aone kaye kamera tisanagwirizane.

Ndikuuzeni zoona, sindinapemphere kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndinalumbira kuti munthu ameneyu ndimukhaulitsa, ndipo ndinkadziwa pomugwira. Zaka zonse zimene ndinayenda naye ndinkamusungira chinsinsi: tsiku la msika ku Manyamula, akamaliza kujambula, ankalowa kuseri kwa botolo sitolo ya mnzake n'kumamwa mowa masanasana, mkulu wa mpingo wathunthu. Malowo anali otchingidwa ndi mpanda wa udzu, koma kutsidya kwa msewu kunali chulu chachitali choti ukakwerapo umaona zonse.

Ndinayesa kamodzi kumujambula ndili pachulupo ndi kalenzi kanga. Ndinakapotoza mpaka pamapeto, koma Chiukepo anatuluka ngati nyerere, woti angakane pamaso pa aliyense kuti si iyeyo. Pamenepo m'pamene ndinayamba kukada kalenzi kamene kankandidyetsa.

Mumsika wa pa Boma munali bambo wina wobwerera ku Joni, wogulitsa mafoni ndi zida za makamera zogwiritsidwapo kale ntchito. Anali ndi lenzi yaitali yokwana pa kamera yanga, yotalika ngati chitsononkho chachikulu, yokoka munthu ali kutsidya kwa bwalo la mpira n'kumubweretsa pamphuno pako. Ndinamuuza kuti tisinthane, iye atenge kiti, ine nditenge yaitaliyo. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

"Akulu, iyi ndi ya mpira ndi mbalame," anatero. "Ya maukwati ndi m'nyumba ndi yomwe muli nayoyo. Iyi imafuna malo, imafunanso kuwala. Ngati mukuifuna chomene, dikirani mudzakhale nazo zonse ziwiri."

Sindinafune kudikira. Ndinadzinamiza kuti maukwati ambiri amajambulidwa panja, ndizingoima patali, komanso kuti chilenzi chimenechi chitseka pakamwa onse onditcha a Kachidole. Bamboyo anagwedeza mutu n'kulandira kalenzi kanga mosavuta, poti ankadziwa kuti sikagonera patebulo pake.

Masiku atatu a msika ndinakhala pachulu paja, dzuwa likundiwotcha, linthumbwi likundiluma m'miyendo. Sindinamve kuwawa. Tsiku lachitatu ndinamupeza bwinobwino, botolo lili kukamwa, baji ya mpingo ikuwala pachifuwa, ngakhale thukuta la pamphumi likuoneka. Ndinakatsukitsa chithunzicho ku Kasungu kuti pa Boma pasapezeke wodziwa, n'kuchiika mu envulopu yopanda dzina, n'kuilowetsa kunsi kwa chitseko cha mlembi wa mpingo.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Chiukepo anamuimitsa pa ukulu ndi pa mgonero, maukwati a mumpingo anasiya kumuitana, ndipo patatha miyezi ingapo anatseka situdiyo n'kubwerera kwawo ku Embangweni. Musayembekezere kuti ndinene kuti ndinamva chisoni. Tsiku limene ndinaona akukweza mabenchi ake pa lole, ndinagula nyama ya mbuzi n'kudya mpaka kunyambita zala. Ndinkayenda mumsika chilenzi chija chikulendewera pamimba ngati mtolankhani, ndipo dzina la Kachidole linafa.

Ntchito yokha inali ikundivuta, ngakhale sindinkauza munthu. Kuti banja la anthu khumi lilowe m'chithunzi, ndinkabwerera m'mbuyo mpaka kukaima m'munda wa eni ake, ndikukuwa kuti amwetulire. Zithunzi za m'tchalitchi zinkatuluka zogwedera. Ndinkangoti ndidzagula kiti ina mtsogolo, palibe changu.

Kenako amayi anadwala. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo madokotala ataona kuti achita mbali yawo, anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Inali nyengo ya mvula ya mswera, yosakata. Achimwene anabwera kuchokera ku Joni patatha zaka khumi ndi chimodzi asanaponde pamudzi, ndipo abwana awo anangowapatsa masiku ochepa. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni abambo, ana onse asanu tinali pansi pa denga limodzi.

Masiku atatu amayi ankangogona, osazindikira bwino anthu. Masana a tsiku lomaliza, achimwene atalongedza kale chikwama choti anyamuke m'mawa mwake, amayi anatsegula maso n'kutitchula mayina mmodzimmodzi. Kenako anayang'ana ine.

"Iwe wa makamera," anatero ndi mawu otsika, "anthu a eni ake umawajambula tsiku ndi tsiku. Tijambule ifenso, ine ndi ana anga nonse, pamodzi. Achimwene akowa apite nacho, asadzati analibe mayi."

Inu owerenga, chipinda cha amayi chinali chaching'ono, bedi kukhoma, kampata kodutsa munthu mmodzi, ndi kawindo kamodzi. Kuwanyamula kupita nawo panja sikukanatheka, chifukwa kungowatembenuza ankabuula, ndipo kunja mvula inali ikugwa. Abale anga anakhala mozungulira bedi, azichemwali akukonza duku la amayi, n'kundisiyira malo kuti mlamu wanga adzadine batani ine ndikakhala. Ndinakweza kamera n'kusuzumira. Munali nkhope ya amayi ndi phewa la achimwene, basi.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Ndinakwera pa mpando. Ndinatuluka kukaima pabalaza, koma bedi linali kuseri kwa chitseko. Ndinapita panja pa mvula kukayesa pawindo, ndipo ndinangoona mapazi a bedi. Ndinapotoza chilenzi chija mpaka dzanja kuwawa, ngati kuti chingandimvere chisoni n'kufupika. Mukati munali mdima woti ngakhale nkhope imodziyo inkatuluka yogwedera.

Mudzafunsa za mafoni. Kwathu kulibe magetsi, ndipo kasola ka pakhomo kanali katatha masiku osaona dzuwa. Foni ya achimwene ndi za azichemwali zinali zitazima. Yanga inali ndi moto pang'ono, koma galasi la kamera yake linasweka kalekale, ndipo ndinkanyada kuti wojambula weniweni sajambulira foni. Kafoni ka mlamu wanga kanatulutsa mdima wokhawokha ndi mano a munthu mmodzi.

Ndinathawira m'khitchini n'kuimbira bambo wa mumsika uja, kuti ngati kalenzi kanga kalipo akapatse wa njinga yamoto athamange nako. Anandiuza kuti kanagulidwa kalekale, ndipo kena ka mtundu umenewo alibe. Nditafunsa wogula, anati ndi a Chiukepo. Atabwerera ku Embangweni anagulitsa chikamera chachikulu chija n'kugula kakang'ono ngati kanga, koti aziyenda nako pa njinga m'midzi.

Tamvani zimenezo. Munthu amene ananditcha wa kachidole pamaso pa anthu anali akudyera kachidole komweko, ndi kalenzi kanga komwe. Magazi anawira, koma kuchokera kwathu kukafika kwawo ndi mtunda woti wa njinga yamoto apita n'kubwera dzuwa lisanalowe. Ndinamuimbira. Ndinamufotokozera zonse, za amayi, za achimwene, za chipinda. Ndinamupempha kuti andibwereke kwa ola limodzi, kapena abwere ajambule yekha. Anamvetsera osandidula.

"Pepani chomene za amama," anatero mofatsa. "Koma mnyane, ine ndajambula zaka zambiri. Chithunzi cha lenzi yaitali ndimachidziwa, mpanda uja unachita kumatirira kumsana kwanga. Ndipo pa Boma ponse amene anali atangopeza lenzi yotero ndi inu nokha." Kenako anawonjezera kuti, "Mbwenu imani patali, monga munaimira tsiku lija. Yewo."

Foni inaduka. Ndinaimbanso kawiri, sanayankhe.

Ndinabwerera m'chipinda zovala zikudontha. Abale anga anali akadali pamalo awo, atatopa ndi kumwetulira, ndipo amayi maso anali atayamba kulemera. Ndikanatha kunena zoona pamenepo. M'malo mwake ndinadina batani kangapo, ndinakhala pambali pa amayi mlamu n'kudinanso, ndipo ndinalanda kamera msanga asanaione bwino.

"Tonse tilimo?" amayi anafunsa.

"Tonse tilimo, amayi."

Anamwetulira n'kutseka maso. Achimwene atapempha kuona, ndinati batire latha, ndidzawatumizira ndikakatsuka. Ananyamuka m'mawa mwake, ndipo patatha masiku anayi kuchokera tsiku lojambulalo amayi anatisiya. Achimwene sanathe kubwereranso kudzaika maliro.

Ndinayesa kulumikiza zidutswa pa kompyuta, nkhope iyi apa, phewa ilo apo, koma chinatuluka ndi chinthu choti ngakhale mwana angaone kuti n'chabodza. Ndinachifufuta.

Sindibisa, Chiukepo sindinamukhululukire. Mlandu wake unali ndi ine, osati ndi mayi wodwala amene ankamuphikira nkhuku akabwera kwathu. Ndikakumana naye pa maukwati a ku Embangweni, kalenzi kanga kali pachifuwa pake, ndimamulambalala osamupatsa moni, ndipo pali masiku amene ndimagona ndikuganiza pena pomugwira. Koma ndikafika pamenepo ndimakumbukira kuti ulendo woyamba ndinamugwira ndithu, ndipo amene analipira ndi amayi anga.

Tsono inu amene mukufuna lenzi ya kamera yaing'ono yoyenda nayo, ndimvereni ine wopsa kale. Musasankhe poganizira munthu mmodzi amene mukufuna kumuonetsa. Ganizirani malo amene mumajambula masiku onse, zipinda zathu zopanikiza, matchalitchi a mdima, mabanja athu aakulu. Kalenzi kobwera ndi kamera musakanyoze chifukwa chakuti n'kakafupi, kamatambasuka pamene mulibe pobwerera ndipo kamakoka pamene mukufuna nkhope. Yaitali mudzagule pambuyo ngati mpira ndi mbalame zikukudyetsani, koma musadzapereke kakafupiko posinthanitsa. Ndipo ngati mtima ukuwira, pitani kunyumba osagula kanthu tsiku limenelo.

Kiti ina ndinagula, ili m'thumba muno, ndipo imalowetsa anthu makumi awiri m'kachipinda kalikonse. Chimene ndilibe ndi mayi woti ndimujambule. Mwezi uliwonse achimwene amanditumizira uthenga womwewo, woti anagula kale felemu ndipo anakhoma msomali pakhoma, nditumize chithunzi chija cha tonse. Mpaka lero ndimawayankha kuti ndikuchikonza.