Geresomo Wothamangitsa Mitambo

Ku Makhuwira mukafunsa za a Geresomo, okalamba amayamba aseka kaye, kenako nkhope zimagwa. Anali munthu wamtali, wowonda ngati bango, woyenda maso ali kumwamba, moti zala zawo za kumapazi zinkadziwana ndi chitsa chilichonse cha m'mudzimo.

Paunyamata wawo ankaponya nkhuni m'ng'anjo ya sitima yoyenda mu Shire. Mzungu wokonza makina a sitimayo atatopa ndi malungo n'kuganiza zobwerera kwawo, anawasiyira paipi yamkuwa yokhala ndi magalasi uku ndi uku, yoonera nyenyezi. Anzawo ankabwera kuntchito ndi nsalu za akazi awo, ena ndi nsapato zolira poyenda. A Geresomo anabwera ndi paipi, itakulungidwa m'bulangete lofiira. Akazi awo, a Esinala, anaisuzumira kamodzi kokha n'kufunsa ngati ingasunge mchere.

Masiku amenewo aliyense wodziwa kumanga tayi ankayambitsa bungwe, ndiye nawonso anayambitsa lawo, Bungwe la Nyenyezi. A Geresomo anali apampando. A Symon, mphunzitsi wa kumishoni, anali alembi ngakhale kuti cholemba panalibe. Wachitatu anali a Kalisto, msodzi wa ku Bangula amene anadzakwatira m'mudzimo, ndipo tinene zoona, iwowa chinkawakoka ndi fodya wa a Symon. Dzuwa likangolowa atatuwa ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba, kutsamiritsa paipi pamphanda, n'kumasuzumira mosinthana. Tsiku lina anaona nyenyezi yokhala ndi mkombero ngati wa lichero. A Geresomo anaikamba mpaka anthu anayamba kupatuka akawaona akubwera.

Vuto linali kumwamba kwenikweniko. M'dzinja, mitambo. Kukazizira, chiperoni ankatsika m'mapiri a ku Thyolo ndi kamvula kake kowaza, kosanyowetsa munda koma kokwanira kutseka nyenyezi zonse. M'chilimwe, utsi wa osaka mbewa. Choncho a Geresomo anakhala ndi kachizolowezi: mtambo ukayandikira, ankavula chipewa n'kumauingitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba, akuuuza kuti ukavumbe ku Sena uko. Mudzi wonse unkaseka. Ngakhale a Esinala ankaseka, atatembenukira kumbali.

Kenako kunagwa chilala. Anthu anabzala mapira, anapserera. Anabzalanso, anapsereranso. Akuluakulu anakapereka nsembe atavala zakuda, poti kuno aliyense amadziwa kuti chakuda chimaitana mtambo, chofiira chimauthamangitsa. Madzulo ena mtambo unasonkhanadi kumapiri, wakuda bii, mphepo n'kuyamba kununkha mvula, amayi n'kumatulutsa mitsuko pabwalo. A Geresomo anali pachulu paja, bulangete lofiira lili paphewa. Pambuyo pake ankalumbira kuti sanaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha kuchipewa. Mtambo uja unapatuka, n'kupita.

Palibe amene anawanena pamaso. Kungoti nthabwala ija inasanduka umboni: munthuyu ndiye akumanga mvula, simukuona chimfuti chake choloza kumwamba? A Symon anakumbukira mwadzidzidzi kuti madzulo amaphunzitsa nyimbo kutchalitchi. A Kalisto anati fodya anamusiya. A Geresomo ankakwerabe pachulu okha, akudziuza kuti mvula ikagwa anthu aiwala.

Koma amene zinawagwera ndi a Esinala. Akafika pachitsime macheza ankatha, ndipo wowasenzetsa mtsuko sankapezeka. Mwana wa mng'ono wawo atamwalira, anthu anawabweza panjira ya kusiwa, ati mkazi wa womanga mvula asayandikire maliro a mwana amene wafa ndi njala.

Atabwerako anakhala pakhonde, osalira, manja ali pamiyendo. A Geresomo anayamba kufotokoza kuti nyenyezi zili kutali kwambiri kuposa mitambo, kuti paipiyo imangoona basi, kuti chipewa sichingakankhe ngakhale utsi.

"Ndikudziwa, bambo," anatero a Esinala. "Inu simutha kumanga ngakhale mbuzi. Koma mwana uja ndinamubereka kumsana kuno ndine."

 M'mawa mwake a Geresomo anakapempha a Kalisto kuti awapalasire bwato, ndipo paipiyo anainyamula poyera, kudutsa nayo pakati pa mudzi kuti aliyense aone. Anthu anawatsatira chapatali mpaka kudambo lalikulu, n'kuima m'mphepete. Madzi anali ataphwa kwambiri, moti anavutika kupeza pakuya. A Kalisto, munthu wosafuna kuti chinthu chitayike, ananong'oneza kuti mwina bulangete lokhalo n'kulisunga, chiperoni akubwera.

"Nkhabe," anakana a Geresomo m'Chisena cha mnzawoyo. "Zonse."

Anamangirira mwala kupaipi ndi bulangete lomwe. Asanaponye anapukuta galasi lakutsogolo ndi malaya awo, pang'onopang'ono, monga ankachitira madzulo alionse. Kenako anaiponya. Madzi anatseka.

Mvula sinagwe. Anthu anadikira, n'kuyamba kunong'onezana kuti womanga mvula ndi nkhalamba ina ya kutsidya. Koma a Esinala atapita kuchitsime, mng'ono wawo uja anaimirira n'kuwasenzetsa mtsuko. Anafika kunyumba akulira, ndipo aka kanali koyamba kulira maliro aja.

Chilala chinapitirira, ndipo kumwamba kunayera mbee, madzulo ndi madzulo, popanda ndi kamtambo komwe. A Geresomo ankati akadya, n'kulowa m'nyumba. Tsiku lina a Esinala anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana kumwamba.

"Zatuluka zonse lero, bambo. Simubwera mudzaone?"

"Tsekani chitseko, mayi," anatero a Geresomo ali pamphasa. "Mukulowetsa udzudzu."