A Biswick Apepesera Dzanja la Marvin

A Biswick, amene amasamalira okalamba ku Croydon, anakula akugenda mango ku Ntcheu. Kwa iwo, woponya wabwino ndi amene saphonya chimene walinga.

Loweruka lina anakaonerera mwana wawo Marvin, amene timu ya baseball, mpira womenya ndi chibonga, inkamuyesa ngati angathe kukhala woponya woyamba pa masewero. Marvin anaponya mpira waliwiro, kenako wokhota, kenako wina woyenda mwaulesi. Womenya anazunguza chibonga chake osaukhudza mpirawo, ndipo anzake otsatira anachokanso chimodzimodzi. A Biswick anagwira pakamwa ndi manyazi.

Anapita kwa kochi Andrew, chipewa chili m'manja. "Pepani, aphunzitsi. Chibonga chachikulu chonchija, mwanayu kuchiphonya konseko! Musamuchotse. Ndipatseni masiku ochepa, azichimenya nthawi zonse."

"Chonde, musayerekeze," anatero Andrew. "Ntchito yake ndi yoti omenyawo aziphonya. Sabata yamawa ayamba ndi iyeyu, bola inu musamuphunzitse."

Mu tramu, sitima ya m'tauni, pobwerera, Marvin anafunsa, "Dadi, ndaponya bwanji?"

A Biswick anayamba alingalira kaye. "Akuti bwino. Koma kwathu ukanagona ndi njala, mango ali m'mwamba."