Diso la Dolika Limene Silinalire

Dolika analowoledwa ndi ng'ombe kupita ku Kasenengwa, kwa Angoni. Kumeneko analima thonje ndi nshawa, nabereka ana awiri, Chipo ndi Yosefe.

Chaka chimene mwamuna wake Whiteson anayamba kudwala chifuwa, khutu lakumanja la Dolika linayamba kugunda ngati mtima, du du du, osaleka. Anathiramo mafuta ophikira, ankalikanda ndi nthenga ya nkhuku. Kenako linagontha. Tsaya linalefuka, pakamwa panakhotera kumanzere, diso lakumanja linaleka kuphethira. Kuchipatala sanapite. Akanamsiyira ndani wodwalayo?

Whiteson atamwalira, Dolika analira mpaka mawu kusasa, koma misozi inkatsika mbali imodzi yokha. Lenia, mchemwali wa malemuyo, anakodola mayi ake.

"Amama, muoneni mkamwana wanu. Diso ilo lauma gwa! Ndipo akuseka."

"Sindikuseka, alamu," anatero Dolika. Koma poyankhulapo pakamwa panakhota kwambiri, azimayi onse m'nyumbamo anaona.

Tsiku la m'meto, Howard, mkulu wa Whiteson, sanachulukitse mawu. "Woseka pamaliro a mwamuna wake amadziwa chimene chinamupha. Mupite kwanu, mayi. Ana ndi a ng'ombe zathu."

Dolika anabwerera kwa mlongo wake ku Mwami. Mlongoyo ndiye anamtengera kuchipatala ku Chipata, ndipo madokotala anamtumiza ku Lusaka. Kumeneko anapeza chotupa mkati mwa khutu, chosaonekaoneka mwa anthu, chimene chinapana mtsempha woyendetsa nkhope ndi misozi. Anachichotsa, koma anati chinakhalitsa, nkhope siidzawongoka. Dolika anapempha dokotala kuti alembe zonsezo papepala.

Ndi pepalalo anakwera galimoto ya ku Kasenengwa, atanyamulanso nshawa zokazinga za anawo. Howard analiwerenga mpaka pansi, naliika pamwendo.

"Ndamva, ndi matenda. Nanga matendawo anadikiriranji mpaka mng'ono wanga agone pamphasa?"

Anawo anali kuseri kwa nkhokwe. Dolika anawaitana. Yosefe anasuntha phazi, Chipo anamgwira malaya.

"Azakhali anati tisadye chilichonse chochokera m'manja mwanu," anatero Chipo, maso ali pansi.

Dolika anasiya kathumba ka nshawa pakhonde. Asanafike pamsewu anamva Lenia akuitanira nkhumba kukhondeko.