Belu la a Rabson

A Rabson anaimba belu pa tchalitchi chathu chaching'ono, kufupi ndi Nambuma, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Belulo ndi limu ya tayala la lole yopachika mumtengo, yomenya ndi chitsulo. Kuno ngakhale mwana amasiyanitsa: la mapemphero limalira motsatizana, la maliro limalira kamodzi, kenaka zii, kenaka kamodzinso.

Chaka chatha anagwa pangolo akututa fodya, namenyetsa mutu pamwala. Anachira ndithu. Ankalima, ankadziwa tsiku, ankadziwanso kuti dzuwa lapendeka. Chimene chinawatayika ndi kanthawi kakang'ono kapakati pa kumenya ndi kumenyanso. Adokotala anauza akazi a Rabson, mayi Ezeliya, kuti mbali ya ubongo yoyeza timphindi totere inavulala. Mayiwo sanauze munthu, poopa kuti amuna awo alandidwa belu.

Lamulungu limene anabwerera pamtengo paja, iwo ankamva ngati akumenya mofulumira monga kale. Ife tinamva la maliro. Mayi Sabina, nkhalamba ya m'kwaya, anali chigonere, choncho azimayi anangotola zitenje kuthamangira kwa nkhalambayo akulira. Anawapeza pakhonde akumwa phala.

"Mukulira ndani?" anafunsa mayi Sabina. "Ine eti? Dikirani kaye ndimalize phalali."

Mudzi wonse unaseka. Atatha mapemphero, ife a komiti tinawaitana a Rabson, mayi Ezeliya atakhala pansi chapakhomo.

"Akuluakulu, ine ndaimba bwinobwino," anatero.

Wapampando anawapempha kuti agogode pabenchi monga amaimbira. Anagogoda kamodzi. Tinadikira. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Anagogodanso, akumwetulira ngati munthu amene watsimikiza mlandu wake, kenaka anaona nkhope zathu.

"Bambo, mukuchedwa," anatero mayi Ezeliya motsitsa mawu.

"Kodi inu mumadziwa?"

A Rabson ananyamula chitsulo chija ndi manja awiri, nachiika pabenchi, natuluka osavala chipewa.

Nkhani itawafika mayi Sabina, anatumiza mawu ku komiti: "Belu langa lija analiimba bwino. Lenilenilo adzaimbenso iwowo, osati anyamata othamangawa."

Tinagwirizana kuti la mapemphero aziimba wina, la maliro likhale la a Rabson. Titakawauza, sanathokoze, sanakanenso. Anangoti, "Ndamva."

Mayi Sabina anatisiya mvula itayamba. A Rabson anapita pamtengo paja, mutu uli pansi, naimba. Mipata ina inatalika kwambiri, ina inafupika, koma palibe anasokonezeka.

Tsopano Lamulungu a Rabson amachoka kunyumba belu litasiya kulira. Amadzera njira yakuseri kwa munda wa tchalitchi, kuti asadutse pamtengo anthu akuona, ndipo amakhala benchi yakumbuyo.