Wotchi Yotsalira ya Lachinayi

A Suwilanji ndinawadziwa chifukwa cha kalata yoipa. Ndi mayi wamfupi, wosaseka wamba, amakhala pa boma ku Mzimba ndipo amakonza makompyuta m'maofesi ang'onoang'ono. Bambo awo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo. Mpaka lero amavala wotchi ya malemuwo, yachimuna, yolifuka pamkono. Amati nthawi ya pa kompyuta saikhulupirira asanaione pamkono pawo.

Amuna anga, a Nowa, amanola masowo pamalo ena ochekera matabwa ku Chikangawa. Amalowa sikisi, amaweruka fili koloko, anzawo onse akadali pa ntchito. Potuluka amadinda chala pa kamakina ka pageti. Mwezi wa Juni anabwera ndi kalata yoti Lachinayi lililonse amathawa mphindi makumi anayi nthawi isanakwane. Akadzabwerezanso, ntchito yatha.

Ine chinandipweteka si kalatayo. Lachinayi amafika pakhomo nthawi yake yomweyo. Nanga mphindi zimenezo amakhala kuti? Ndinawafunsa.

“Sindikudziwa, anyina Honest. Ndimatuluka fili.”

“Makina anganame? Ali ndi chifukwa chanji?”

Sabata yonse ndinkanunkhiza malaya awo. Ndinkangomva utomoni wa paini.

Lachinayi lotsatira ndinabereka mwana wathu Honest n'kupita kuntchito kwawo. Mu ofesi ndinapeza a Wilkins, akalaliki, ndi mayi wachilendo atagwada kuseri kwa tebulo. Ndinati mwina ndi ameneyu amadya mphindi za amuna anga.

“Inu ndinu ndani pano?” ndinafunsa mosapatsa moni.

“Yewo, mama. Ndine wa makompyuta. Mwabwera ndi mlandu wanji?”

Awo anali a Suwilanji. Ndinawapatsa kalata. Anaiwerenga, anayang'ana pamkono, kenako pa sikirini. Pamkono inali thu koloko. Kompyuta inkati hafu wani yangodutsa kumene.

“A Wilkins, zochenjeza zija zinkalembeka apa zili kuti?”

“Zinkasokosa chomene, mama. Mizere mizere tsiku lonse, yachizungu chosamveka. Ndinazibisa.”

“Mwana akamalira mumamutsekera m'chipinda?”

A Wilkins anakanda m'mutu.

A Suwilanji anandifotokozera pang'onopang'ono, ngakhale ndinali nditakwinya nkhope. Kompyuta ya mu ofesimo ndi imodzi, koma m'kati mwake anaikamo ina yongopanga, ngati lendi, munthu wobwereka chipinda m'nyumba ya eni. Ya lendiyo ndi imene imasunga za chala pageti. Ilibe wotchi yakeyake. Imadikira kuti mwini nyumba aigogodere, iyo n'kumawerenga kugogodako. Lachinayi masana kumabwera malole, kompyuta yaikulu imatanganidwa ndi miyeso ya matabwa, mbwenu imadumphitsa kugogoda kwina. Lendi uja amawerenga zoperewera, nthawi yake n'kutsalira. Malole akachoka imadzikonza yokha, ndiye oweruka faifi sizinkawakhudza.

“Ndipo inkadandaula, mama. Taonani.”

Anatsegula pamene a Wilkins anabisa. Mizere inatsika ngati mvula, yonse yonena chinthu chimodzi, kuti yaphonya kugogoda.

Sindinakhulupirire msanga. Anthu a m'maofesi amabisirana. Ndinati, “Musakonze kaye. Ndione ndekha.”

A Suwilanji anavula wotchi ya bambo awo n'kundipatsa m'manja. Ndinakaima kuseri kwa mulu wa zigwagwa za matabwa, pamene a Nowa sakanandiona. Dzuwa linalipo koma kunkazizira. Honest anagona. Muvi utafika pa fili ndendende, ndinawaona akutuluka, utuchi m'tsitsi, n'kudinda chala. Ndinathamangira mu ofesi. Kompyuta inali italemba kuti atuluka thu koloko ndi mphindi makumi awiri.

A Suwilanji anakonza kuti lendi uja azifunsa nthawi kwa mwini nyumba, asamawerenge yekha. Madandaulo sanawatseke. Anangowachepetsa kuti azibwera kamodzi pa ola, munthu athe kuwawerenga osatopa nawo. Kenako anaimirira pambali pa a Wilkins mpaka analemba kalata ina yofafaniza yoyamba ija, abwana n'kusayina.

Ndikubweza wotchi, anandifunsa, “Munkaganiza kuti ndine?”

Ndinayang'ana pansi. Apo ndi pamene ndinawaona akuseka koyamba.

A Nowa ndinawapeza panjira ya kunyumba. Ndinawapatsa kalata yatsopanoyo, iwo ananyamula Honest. Za malaya aja sindinawauze.